Pantoni ya pa Liwonde ndi nkhani za "kukanakhala kuti"

Alembi ena amakonda kutembenuza mbiri, n'kulemba zomwe zikanachitika kanthu kamodzi kakanasintha. Kwathu kuno kanthuko ndi pantoni ya pa Liwonde. Usiku wa pa 12 February 1965, Masauko Chipembere ndi anthu ake pafupifupi 200 anathira nkhondo boma la Fort Johnston, nalanda mfuti ndi magalimoto, n'kuuyamba wa ku Zomba kudzera ku Ulongwe. Pofika pa Shire anapeza pantoni ili tsidya lina. Kunja kusanawale bwino asilikali a boma anatulukira, gulu lija n'kubalalikira m'tchire. Mpaka lero, ku Machinga ndi ku Balaka nkhaniyi ikafika pamenepa, wina amapukusa mutu n'kunena kuti pantoni ikanakhala tsidya lino, Kamuzu sakanalamulira zaka 30.

Nkhaniyo ndi yokoma, koma ine sindiikhulupirira. Tiyerekeze kuti awoloka. Ku Cobbe Barracks kunali asilikali a Malawi Rifles motsogozedwa ndi maofisala a Chingerezi, apolisi chimodzimodzi, Glyn Jones anali akadali Bwanamkubwa. Mlembi amene akufikitsa Chipembere ku Zomba ayenera kutiuza yemwe analamula asilikaliwo kutula mfuti, ndi chifukwa chake. Akangolumpha funsoli, watipatsa loto chabe.

Azungu ali nayo pantoni yawo. Amati Trotsky akanafika pa maliro a Lenin mu January 1924, Stalin sakanamugonjetsa. Iwo amaiwala kuti kuyambira 1922 Stalin anali mlembi wamkulu wa chipani, ndipo ndiye ankaika anthu m'maudindo. Manja ovota anali m'thumba mwake maliro asanachitike. Trotsky anali ndi pakamwa ndi mbiri ya kunkhondo, monga Chipembere anali ndi pakamwa pogwedeza bwalo. Koma chipani chinali cha wina. Pa 8 ndi 9 September 1964, aphungu a Malawi Congress Party anaimirira mmodzimmodzi ku Nyumba ya Malamulo kuikira Kamuzu kumbuyo, ndipo ngakhale nduna zoukirazo zinavomera kuti zili naye chikhulupiriro. Mlandu unathera pomwepo, miyezi isanu pantoni isanalowe m'nkhani.

Mphambano yeniyeni, ngati inalipo, ili kumapeto kwa August 1964. Nthawi imeneyo Kanyama Chiume, Orton Chirwa, Yatuta Chisiza, Augustine Bwanausi ndi Willie Chokani anali pamodzi, akutsutsa za tiki ya kuchipatala, malipiro a ogwira ntchito m'boma ndi ubale ndi Apwitikizi, ndipo Kamuzu anali yekhayekha m'nduna zake. Chipembere anali ku Canada. Akanakhalapo sabata imeneyo, ndunazo n'kuthamangira kwa aphungu ndi apampando a chipani m'maboma Kamuzu asanawafikire, mwina bwenzi tikusimba zina. Ndati mwina. Koma apa pokha mlembi ali ndi pogwira, pakuti akusintha zochita za anthu omwe analidi ndi mpata wosankha.

Vuto lake n'lakuti misonkhano ya nduna siikoma m'nthano ngati mtsinje, usiku ndi mfuti. Ndiye alembi amathamangirabe ku Liwonde, n'kumuwolotsa Chipembere, n'kutseka buku tambala asanalire. Sayerekeza n'komwe kutiuza amene akanakhala pampando kutacha, pakati pa iye ndi Chiume, anthu awiri omwe nawonso anadzasemphana ali kunja kwa dziko.