Kabuku ka al-Zarnuji ndi mwana wathu wa chaka choyamba

Mwezi uno ndakhala ndikuwerenganso Ta'lim al-Muta'allim, kabuku ka Imam Burhan al-Din al-Zarnuji kamene ambiri a ife tidakaphunzira tili anyamata ku koleji ya Chisilamu. Chondibwezera ku kabukuka ndi mnyamata wina amene ndidamuphunzitsa Qur'an ali wamng'ono. Adasankhidwa kupita ku yunivesite ina ya boma, ndipo atabwera pa tchuthi choyamba adandiuza mokondwa kuti wapeza "achimwene" a chaka chachitatu amene akumuthandiza. Nditafunsitsa za thandizolo, ndidamva kuti achimwenewo amamupatsa manotsi awo akale, mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, ndiponso asayimenti yomwe iwo adalemba kale kuti iye angosintha dzina ndi mawu angapo. Mnyamatayo sadaonepo cholakwika. Kwa iye umenewu unali ubale wa Chisilamu, pakuti achimwenewo adadziwana nawo pa swala ya Ijumaa.

Al-Zarnuji adakhala ndi moyo cha m'ma 1200 ndipo adali wophunzira wa al-Marghinani, mlembi wa al-Hidaya. Kabuku kake kali ndi mitu 13, ndipo wachitatu ndiwo ukamba za kusankha maphunziro, mphunzitsi ndi mnzako wophunzira naye. Pa za mnzakoyo malangizo ake ndi omveka: sankha wakhama, woopa Allah ndi wamakhalidwe olongosoka, ndipo uthawe waulesi, wolongolola ndi wosokoneza. M'mutu wina amatamanda mudhakara, ndiko kuti ophunzira kukumbutsana ndi kufunsana zimene aphunzira, nauona kukhala wopindulitsa kuposa kungobwereza phunziro pawekha. Apa ndimuyamikira kwambiri. Iye adazindikira kuti nzeru imakhazikika pamene munthu wayankha funso ndi pakamwa pake, walakwitsa, nakonzedwa. Tikayeza ndi muyeso umenewu, thandizo la achimwene aja likuperewera, chifukwa pepala lolembedwa kale silifunsa funso lililonse.

Komabe kabukuka kali ndi malire ake, ndipo ife aphunzitsi timalakwa tikamakapereka kwa ana ngati kuti kamaliza nkhani yonse. Al-Zarnuji akulankhula ndi wophunzira amene ali ndi mpata wosankha, wotha kukhala pansi n'kuona kaye makhalidwe a anzake. Mwana wochokera ku CDSS ya kumudzi, amene wakhoza MSCE mwa kuloweza manotsi a aphunzitsi ake, safika ku Zomba, ku Bunda kapena ku Mzuzu ali wotero. Amafika asakudziwa pomwe pali laibulale, Chingerezi cha alekichala chikumuthamangira, ndalama ya ngongole isanatuluke, pogona pasanapezeke. Wotereyu sasankha mnzake, amasankhidwa ndi woyamba kumumwetulira. Ndipo amene wamusankhayo ali ndi mphamvu pa iye: amadziwa njira, ali ndi mapepala, mwina ndiye wamugawira ndi bedi lomwe. Za ubale wosalingana chotere, wa wamkulu ndi wamng'ono, mutu wachitatu uja sunenapo kanthu. Kusowaku kumaonekera kwambiri pa ana athu aakazi. Mlembiyu adayamba kabuku kake ndi kukumbutsa kuti kufunafuna maphunziro ndi lamulo kwa mwamuna ndi mkazi yemwe, koma sadamuchenjeze mtsikana za thandizo limene limadzafuna malipiro ake pambuyo pake. Mafuta akatayika saoleka, ndipo makolo amamva nkhani zotere mochedwa.

Chimene kabukuka sikadanene, masukulu a nthawi imeneyo adachikonza m'kachitidwe kawo. M'madrasa akuluakulu a ku Baghdad, monga Nizamiyya yomwe idatsegulidwa mu 1067, mudali udindo wa mu'id, kutanthauza wobwereza. Ameneyu adali wophunzira wopita patsogolo amene ankakhala ndi anzake aang'ono shehe akamaliza kuphunzitsa, n'kuwabwerezera phunzirolo ndi kuwamasulira povuta. Abu Ishaq al-Shirazi, mphunzitsi wamkulu wa Nizamiyya m'zaka zake zoyambirira, adayamba wakhala mu'id wa Abu al-Tayyib al-Tabari. Taonani mmene zidakhalira: mu'id ankadziwika ndi shehe, ankagwira ntchito yake poyera, ndipo ankamubwezera wamng'onoyo ku phunziro la shehe. Sankalowa m'malo mwa shehe, sankamuganizira wophunzira.

Ine ndidalawako zimenezi. M'chaka changa choyamba nahw idandizunguza mutu, ndipo m'bale wina wa kalasi yapamwamba ankandikhazika pakhonde la mzikiti ikatha swala ya Isha, Ajurrumiyya ili pamiyendo. Ankandipatsa chiganizo n'kundiuza kuti ndichigawe mawu ndi mawu. Ndikalakwa ankangopukusa mutu, osandiuza yankho kufikira nditayesa katatu. Masiku amenewo ndinkamuyesa wouma mtima. Ziganizo zakezo ndimaphunzitsirabe mpaka lero.

Sindikunena kuti manotsi akale ndi mapepala a mayeso a m'mbuyo ndi haramu. Pepala la mayeso limamuonetsa mwana mmene mafunso amafunsidwira, ndipo wamkulu wouza mnzake buku loyenera kubwereka kapena nthawi yopezera lekichala mu ofesi yake wachita sadaka yeniyeni. Asayimenti yokopera ndi ina. Imeneyo ndi chinyengo, ngakhale iperekedwe pakhomo pa mzikiti ndi salamu yabwino. Yunivesite ikagwira imalanga wokoperayo, ndipo ikapanda kugwira tidzalandira namwino, injiniya kapena mphunzitsi wa digiri yobwereka. Mabungwe a ophunzira Achisilamu pa masukulu amenewa, amene amakwanitsa kukonza futari ya Ramadhan ndi maulaliki, angathenso kukonza udindo wa mu'id: akuluakulu odziwika mayina, ophunzitsa pagulu ndi pamalo oonekera, alongo athu akuthandizidwa ndi alongo anzawo.

Mnyamata uja ndidamupatsa kabuku kanga ka al-Zarnuji, ndipo m'mphepete mwa mutu wachitatu ndidalembamo ndi pensulo mawu amodzi okha, mu'id. Ndidamupemphanso kuti akabwerera akawauze achimwene ake kuti asayimentiyo aisunge, koma amupatse ola limodzi pa sabata lomufunsa mafunso. Adaseka, nati achimwenewo ndi otanganidwa. Ndidamuuza kuti akafunsebe.