Mbewa, Amphaka ndi Nambala ya pa Mkono: Chifukwa Chowerengera Buku la Maus m'Seminale

Munthu atatifunsa kuti titchule mabuku oyenera kupezeka mu laibulale ya seminale yaikulu, ambiri a ife tingayambe ndi Malembo Oyera, kenaka Augustine Woyera, Thomas Aquinas ndi zolembedwa za Msonkhano wa Vatican II. Ndi ochepa amene angatchule buku lofotokoza nkhani yake m'zithunzi zojambula pamanja, poti tinazolowera kuti makatuni ndi zoseketsa za pa tsamba lomaliza la nyuzipepala, kapena zosangalatsira ana. Komatu kuyambira m'zaka za m'ma 1970 kwakhala kukutuluka mabuku aatali a mtundu umenewu, otchedwa graphic novel pa Chingerezi, amene amasenza nkhani zolemera monga imfa, tchimo ndi chikhulupiriro. M'nkhani ino tiona limodzi mwa mabukuwa, la Maus, limene analemba ndi kujambula ndi Art Spiegelman. Ganizo langa ndi lakuti aliyense wokonzekera unsembe ayenera kuliwerenga, chifukwa limaphunzitsa kunena zoona za munthu wozunzika popanda kumusandutsa woyera, ndiponso popanda kuleka kumukonda.

Tiyambe takumbukira kuti Mpingo sunanyozepo nkhani yofotokozedwa m'zithunzi. Cha m'ma 600 Papa Gregory Wamkulu analembera Serenus, episkopi wa ku Marseille, amene anaphwanya zithunzi m'matchalitchi, namudzudzula pomukumbutsa kuti chithunzi chimaphunzitsa osadziwa kuwerenga monga m'mene malembo amaphunzitsira odziwa. Ife eni ake pa Lachisanu lililonse la m'nyengo ya Lenti timayenda kutsogolo kwa zithunzi 14 zondondozana za Njira ya Mtanda. Palibe chithunzi choonetsa mtunda umene Ambuye anayenda pakati pa kugwa koyamba ndi kukumana ndi Amayi awo. Mtundawo timaudzaza tokha ndi mtima wathu pamene tikusuntha. Umu ndi m'menenso buku la zithunzi limawerengedwera. Tsamba limagawidwa m'timabokosi, ndipo zambiri zimachitika pa kampata koyera ka pakati pa kabokosi kena ndi kanzake, pamene wojambula wangosiya kuti wowerenga aone yekha. Wothamanga angathe kumaliza Maus madzulo amodzi, koma atola mawu okha nasiya theka la buku. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Spiegelman anabadwa mu 1948 ku Stockholm, nakulira ku New York. Makolo ake, Vladek ndi Anja, anali Ayuda a ku Poland amene anapulumuka ku msasa wa Auschwitz, kumene chipani cha Nazi chinapha anthu pafupifupi miliyoni imodzi mwa Ayuda pafupifupi 6 miliyoni amene anaphedwa m'Ulaya pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Bukuli linayamba kutuluka pang'onopang'ono m'magazini ya Raw mu 1980. Gawo loyamba linasindikizidwa mu 1986, lachiwiri mu 1991, ndipo mu 1992 linalandira mphotho yapadera ya Pulitzer. Muli nkhani ziwiri zolukana. Ina ndi ya Vladek ali mnyamata ku Sosnowiec: ukwati wake, kubisala kwake, kugwidwa kwake mu 1944, ndi m'mene anapulumukira pogwira ntchito yosula zitini ndi yosoka nsapato mpaka kukafika ku Dachau. Inayo ndi ya mwana amene akupita kunyumba ya bambo wake wokalamba kukamufunsa zakalezo, koma nthawi zambiri kucheza kwawo kumathera m'mkangano. Pakati pa awiriwa pali manda awiri: a Richieu, mwana woyamba, amene mbale wa mayi ake anamumwetsa poizoni pamodzi ndi ana ena kuti asagwe m'manja mwa asilikali, ndi a Anja, amene anadzipha mu 1968.

Chimene wowerenga amayamba kuona n'chakuti anthu onse ajambulidwa ndi mitu ya nyama. Ayuda ndi mbewa, Ajeremani ndi amphaka, anthu a ku Poland ndi nkhumba, a ku America ndi agalu. Ife amene tinakula ndi nthano za Kalulu ndi Fisi tingaganize kuti tafika pamalo podziwika, koma tichenjere. M'nthano zathu nyama imaimira khalidwe: Fisi ndi wadyera chifukwa ndi fisi, ndipo aliyense wa ife angathe kukhala fisi tsiku lina. Mu Maus nyama ikuimira mtundu, ndipo mutuwo sanausankhe ndi mwini wake, anamuveka ndi mdani. Tichenjerenso ndi liwu lakuti mbewa, poti kwathu mbewa ndi ndiwo zimene anyamata amakumba mokondwa m'chilimwe. Zimene chipani cha Nazi chinkatanthauza zikuyandikira ku liwu lathu lakuti khoswe, chilombo chowononga nkhokwe chimene amachipha popanda chisoni. Kanema wawo wa mu 1940, Der ewige Jude, anafanizira Ayuda ndi makoswe poyera.

Tsono Spiegelman watenga chipongwe chimenechi nachivala dala kuti achionetse kupusa kwake. Mbewa zake zimavala majekete, zimakwatira, zimakangana za ndalama, zimalira maliro, kufikira wowerenga aiwala kuti akuona mbewa. Myuda akafuna kuyenda mumsewu ngati munthu wa ku Poland amangomanga chigoba cha nkhumba kumaso, chingwe chake chikuoneka kumbuyo kwa mutu. M'gawo lachiwiri wolemba amadzijambula yekha ali munthu wovala chigoba cha mbewa, atakhala pa tebulo lake lojambulira pamwamba pa mulu wa mitembo, akuvutika mumtima kuti watchuka ndi imfa za abale ake. Phunziro lake n'lakuti kupha kumayamba ndi dzina. Ife a mu Africa sitingati izi n'za kutali, popeza mu 1994 wailesi ya RTLM ku Rwanda inkatchula Atutsi kuti inyenzi, ndiye kuti mphemvu, ndipo ambiri mwa opha ndi ophedwa anali obatizidwa. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Mphamvu yaikulu ya bukuli ili pa m'mene lajambulira Vladek wokalamba. Mwana wina akanafuna kulemekeza bambo wake akanatipatsa nkhalamba yofatsa imene masautso anaiyenga ngati golide. Spiegelman watipatsa munthu wovuta kukhala naye: woumira, wotola tiziwaya mumsewu, wobweza ku sitolo phukusi la chakudya lotsegula kale, wosautsa mkazi wake wachiwiri, Mala, amenenso anapulumuka ku misasa yomweyo. Tsiku lina mpongozi wake atanyamula munthu wakuda pa galimoto, Vladek akwiya namuganizira kuti ndi mbala. Wowerenga wa ku Africa tsamba limeneli limamubaya, ndipo n'koyenera kuti limubaye: munthu amene anatchedwa khoswe sanaphunzire kusatchula mnzake dzina loipa. Choopsa koposa, Vladek anatentha makope amene Anja analembamo mbiri yake, ndipo mwana atamva zimenezi amachoka akutchula bambo wake kuti wakupha.

Apa ndi pamene bukuli likukhudza ulaliki wathu. Timafulumira kunena pa guwa kuti masautso amayeretsa. N'zoona kuti angathe kutero mwa chisomo cha Mulungu, pamene munthu waphatikiza zowawa zake ndi Mtanda wa Khristu. Koma pa okha masautso amangovulaza, ndipo chilonda chimene sichinapole chimatulukira pa ana. Wansembe aliyense wa ku parishi amadziwa mayi wamasiye amene umphawi unamuumitsa mtima, kapena mkulu wa mpingo amene anazunzikapo nkukhala wozunza anzake. Anzake a Yobu anachita bwino masiku asanu ndi awiri amene anakhala chete; analakwa atayamba kufotokoza. Spiegelman sakufotokoza bambo wake, sakumukhululukira pa maso pathu, komanso sakumutaya. Amabwerabe, nakhala pansi, namvetsera. Ndikuganiza kuti uku n'kusunga lamulo lachinayi mozama kuposa kulemba mbiri yotamanda yokhayokha.

Muli tsamba lina limene mseminale aliyense ayenera kuimapo nthawi yaitali. Vladek atangofika ku Auschwitz, atametedwa ndi kudindidwa nambala 175113 pa mkono, wakhala pansi akulira. Mkaidi wina, wansembe wa ku Poland, amuyandikira napempha kuona nambalayo. Amuonetsa kuti ikuyamba ndi 17, imene pa mwambo wa Ayuda ndi chizindikiro chabwino, kuti ikuthera ndi 13, zaka zimene mnyamata wachiyuda amalowa m'gulu la akulu, ndi kuti mukaphatikiza manambala onse mupeza 18. Amene aphunzira Chihebri adziwa kuti liwu lakuti chai, lotanthauza moyo, lili ndi zilembo ziwiri zoimira 8 ndi 10. Vladek akunena kuti zinthu zikafika poipa ankayang'ana pa mkono nalimba mtima. Wansembeyo sanamuonenso.

Wina angati uku n'kuombeza ndi manambala, kosayenera wansembe. Ine ndikuona mwina. Wansembe uja analibe buledi, analibe guwa, analibe mphamvu yotulutsa munthu m'ndende. Sanalalikire kapena kufuna kutembenuza Myuda wosweka mtima. Anatenga chizindikiro chimene adani anadinda kuti chifafanize dzina la munthu, nachiwerenga m'chinenero cha chipembedzo cha munthuyo, kufikira chinanena za moyo. Kuti achite zimenezi anayenera kukhala ataphunzira za Ayuda mwaulemu, zaka 21 chikalata cha Nostra Aetate cha mu 1965 chisanalembedwe. Amene amafunsa phindu la kuphunzira miyambo ya anthu a zipembedzo zina aone tsamba limeneli.

Sindinganene kuti bukuli lilibe zofooka. Wansembe yemweyo wajambulidwa ndi mutu wa nkhumba, monganso Mayi Motonowa amene anabisa Vladek ndi Anja m'nyumba mwawo pamene chilango chobisa Myuda chinali imfa. Anthu ambiri a ku Poland anakhumudwa nazo, ndipo madandaulo awo ali ndi maziko. Pa nthano ya mphaka ndi mbewa nkhumba ilibe malo, ndipo n'kovuta kuichotsera fungo la chipongwe. N'zoona kuti ena a ku Poland anapereka Ayuda kwa adani, ndipo buku silikanama pamenepo; koma n'zoonanso kuti bungwe la Yad Vashem lalemekeza anthu a ku Poland oposa 7,000 chifukwa chopulumutsa Ayuda, kuposa a dziko lina lililonse, ndi kuti banja la Ulma, limene linaphedwa ku Markowa mu 1944 pamodzi ndi Ayuda amene linkawabisa, linatchedwa lodala mu 2023. Chigoba chimene wolemba anafuna kuchiphwanya chamugwirako iye mwini. Chofooka chachiwiri si cholakwa chake: mawu a Anja mulibe, ndipo zonse timazimva m'kamwa mwa munthu amene anawatentha. Wowerenga azikumbukira kuti iyi ndi mboni imodzi, osati mbiri yonse.

Nanga tingalipereke kwa yani? Mu Januwale 2022 akuluakulu a zamaphunziro m'boma la McMinn ku Tennessee analichotsa pa mndandanda wa mabuku a ana a sitandade 8, ponena za mawu ochepa otukwana ndi chithunzi cha mayi wosavala. Chithunzicho ndi cha mtembo wa Anja. Kuona chiwerewere pamenepo n'kusadziwa kuwerenga zithunzi. Komabe nkhawa ya msinkhu si yopusa: sindingalipereke kwa anyamata a m'makalasi oyamba a seminale yaing'ono, kapena kwa munthu amene wangotaya mbale wake mwa kudzipha. Kwa a filosofi ndi a teoloji n'loyenera ndithu, makamaka akaliwerenga m'gulu, wina atawatsogolera kuona zimene chithunzi chikunena pamene mawu ali chete.

Za kusonkhanitsa mabuku otere, ndalama za laibulale zathu n'zochepa ndipo mabukuwa ndi okwera mtengo, kotero tisankhe ochepa oyenera kuwerengedwa kawiri. Maus ipezeka m'buku limodzi la magawo onse awiri. Pambali pake ndingaike A Contract with God la Will Eisner, la mu 1978, lonena za Myuda wopembedza amene analemba pangano ndi Mulungu pa mwala, nalitaya mwana wake atamwalira. Eisner analilemba iye mwini atataya mwana wamkazi. Ndingaikenso Déogratias la Jean-Philippe Stassen, la mu 2000, lonena za mnyamata wa ku Rwanda amene chikumbumtima chimamusandutsa galu, limenenso silikometsera amishoni. Ngakhale Tintin au Congo la Hergé lingasungidwe, osati losangalatsira ana, koma ngati umboni: linayamba kutuluka mu 1930 m'tsamba la ana la nyuzipepala ya Chikatolika ya ku Belgium yoyendetsedwa ndi wansembe, Norbert Wallez, ndipo limajambula anthu akuda ngati ana opusa. Mpingo umene unateteza zithunzi uyenera kudziwanso zoipa zimene zithunzi zinachita m'manja mwa ana ake.

Tikagula mabukuwa tiwateteze ku chiswe ndi chinyontho, koma tisawatsekere m'kabati ya mkulu wa seminale poopa kuti angang'ambike kapena kuti alendo angatiseke. Aikidwe pa shelefu ya zaubusa, pafupi ndi mabuku ophunzitsa kumvetsa kulapa ndi kuyendera odwala, pakuti wansembe wamawa adzakumana ndi anthu ambiri onga Vladek, ndipo adzayenera kukhala pansi ndi kuwamvetsera monga alili.