Olota maiko ena, olandira aliyense

Ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, Amang'anja amasimba za Mbona, wogwetsa mvula amene mikondo inkangomulambalala. Ataphedwa, magazi ake akuti anasanduka mtsinje, ndipo mwiniwake amamuyenderabe mkazi wake Salima atasanduka nsato. Chigwa cha Shire sichinayambe dzulo kumvetsera za munthu wosakhazikika m'thupi limodzi.

Ndiye ndimawatayira kamtengo alembi olota maiko ena. Shadreck Chikoti, mu Azotus the Kingdom ya 2015, anaumba Africa wa zaka 500 zikubwerazo. Ntchitoyi njovuta: umange dziko, uliikire malamulo, kenaka usankhe oti akhalemo. Pachisankho pamenepa ena amalimba mtima. Akwaeke Emezi wa ku Nigeria, mu Freshwater, anaika mizimu ingapo, wina wachimuna, m'thupi la mtsikana mmodzi, ndipo bukulo linapata mphoto ya Nommo mu 2019.

Kuno ku Malawi khoti linagamula Tiwonge Chimbalanga ndi Steven Monjeza zaka 14 m'ndende mu 2010 pa mlandu wa chikondi cha amuna okhaokha, Pulezidenti Bingu asanawakhululukire. Mnyamata wa ku Bangula wokonda mnyamata mnzake sangaulule pamsika, komabe m'buku lotere amadzipeza ali ndi dzina, nyumba ndi omukonda.