Tikulira Yani mu Born Free?

Oonera kanema wa Born Free, wa mu 1966, amatuluka akupukuta misozi. Amalirira Elsa, mkango wamasiye umene George ndi Joy Adamson analera ku Kenya, George atawombera make mu 1956. Luso la James Hill sitilikana ayi: pamene Virginia McKenna akutsazikana ndi Elsa, ngakhale wouma mtima amagwidwa chisoni.

Koma tawafunsani oonerawo za mayi uja wa koyambirira, wogwidwa ndi mkango akuchapa kumtsinje. Dzina lake ndani? Maliro ake analira ndani? Kanemayu wapatsa mkango dzina, khalidwe ndi nyimbo yomwe. Mayiyo wangokhala chifukwa chotulutsira mfuti. Agogo amene anachezerapo usiku akusonkha moto poopa zilombo sangaombe nawo m'manja. Nanga ife ophunzira, anatiphunzitsa kulira kotereku ndani?