Za Kumasulira Chining'a cha "A Snake in the Grass"

Omasulira nkhani ndi mabuku kuchokera m'Chingerezi akakumana ndi chining'a cha "a snake in the grass", ambiri sachedwa kulemba kuti "njoka ya mu udzu". Mawuwa ndi Achichewa ndithu, ndipo kalembedwe kake n'kolondola. Koma mwana wa sukulu akawerenga chiganizo choti "Mlembi wa mfumu uja adali njoka ya mu udzu", amangoona njoka ili pamalo pake. Nanga njoka ikhalenso kuti? Chinyengo chimene mwini nkhani ankanena chimatsala m'Chingerezi momwemo.

Chining'achi Angerezi nawonso adachita kubwereka. Gwero lake ndi mlakatuli wa Chilatini, Virgil, amene adamwalira m'chaka cha 19 Khristu asanabadwe. M'ndakatulo yachitatu ya m'buku lake lotchedwa Eclogues, anyamata othyola maluwa ndi zipatso akuchenjezedwa kuti athawe poti pamalopo pabisala njoka. Pofika chaka cha 1696, pamene Charles Leslie adalemba buku lotsutsa a mpingo wa Quaker nalipatsa mawu omwewa ngati mutu wake, njokayo idali itayamba kuimira munthu. Choncho thima la chining'achi ndi lakuti malo ndi osakayikitsa, munthu ndi wodalirika pamaso, koma choopsa chili pafupi ndi phazi.

Chichewa sichisowa mawu onena za anthu otere. Vuto ndi lakuti omasulira ena amene azindikira kuti njoka ija siyenda bwino amangotola liwu lililonse lomwe labwera msanga. Mthirakuwiri ndi munthu wofuna kukondweretsa mbali zonse ziwiri; kuno anena izi, uko anena zina, ndipo kawirikawiri amatero chifukwa cha mantha kapena dyera. Kazitape ndi wotumidwa kukafufuza zinsinsi. Tambwali amapusitsa aliyense, ngakhale munthu amene wangokumana naye pamsika, kotero palibe ubwenzi umene iye akuuphwanya.

Liwu loti kapirikoni ndilo lofunika kusamala nalo kwambiri. Lidachokera ku dzina la bungwe la Capricorn Africa Society limene David Stirling adayambitsa m'chaka cha 1949, ndipo lidachititsa msonkhano wake waukulu ku Salima m'chaka cha 1956. M'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, omenyera ufulu ankatcha Mwafirika aliyense wogwirizana ndi atsamunda kuti kapirikoni. Liwuli lili ndi fungo la ndale, ndipo limanena za wogulitsa mtundu kapena gulu lake. Mlembi amene angatche mkazi wolanda mwamuna wa mnzake kuti kapirikoni wauveka mkangano wa m'banja malaya a chipani. Owerenga achikulire amene adaona masiku amenewo angadabwe kuti ndale zalowamo bwanji.

Chining'a choyandikira kwambiri ndi cha kampeni kumphasa. Mphasa amayalira mlendo kapena mbale pomulandira, ndipo munthu amakhalapo mtima uli m'malo, osadziwa kuti mpeni wabisidwa pomwepo. Zonse zimene Virgil adaziika mu udzu zilimo: kukoma kwa malo, kubisika kwa choopsa, ndiponso kuyandikira kwake. Komabe pali kusiyana kumene akonzi ayenera kukuona. Chingerezi chimatchula munthuyo, pamene Chichewa chimatchula mchitidwe wake. Sikoyenera kulemba kuti "Iye ndi kampeni kumphasa" pofuna kutsata kaumbidwe ka chiganizo cha Chingerezi. Chiganizo chonse chiyenera kuumbidwanso kuti mneni asenze tanthauzo, ndipo wochitiridwa chiwembuyo aonekere, ngakhale kuti Chingerezi sichidamutchule.

Aphunzitsi pochonga ntchito yomasulira angathandize ophunzira powafunsa kuti wanyengedwa ndani, nanga wonyengayo adali naye pa ubale wotani. Wophunzira akayankha mafunso awiriwa, chiganizo cha mlembi wa mfumu chija chimatuluka chotere: "Mlembi uja ankaseka nayo mfumu tsiku ndi tsiku, chikhalirecho akuichitira kampeni kumphasa."