Kuona Msana wa Dziko Uli Mumlengalenga

Mvula ikagwa pa mtunda umene umalekanitsa Mchinji ndi Chipata, madzi ake sayenda ulendo umodzi. Ena amatsetserekera kum'mawa, kulowa m'madambo amene amadyetsa mtsinje wa Bua, mpaka akathire m'nyanja ya Malawi cha ku Nkhotakota. Ena amalowera kumadzulo kukafuna Luangwa, kenako Zambezi. Pamene madzi amagawanikana ndi pamene Angerezi, mu 1891, anati pakhale malire. Papepala mawuwo ndi osavuta. Koma kapondenipo nokha. Pali mapiri, msanawo umaoneka. Kwina konse mtunda wake ndi wofatsa, wopendekeka pang'ono kwambiri, moti mayi wopalira mtedza sangakuuzeni ndi maso okha ngati mizere yake ikukhuthulira madzi ku Malawi kapena ku Zambia.

Ine msana umenewu ndinauona koyamba patebulo, m'nyumba ya mkulu wina amene anapuma pa ntchito ya usaveya. Anatulutsa zithunzi ziwiri zakuda ndi zoyera, zojambulidwa kuchokera m'ndege, nazigoneka moyandikana. Pamwamba pake anaimika kachipangizo ka magalasi awiri kokhala ndi miyendo, kamene amati stereoscope. Ndinasuzumira, osaonapo kanthu koma mawangamawanga. "Mwanawe, usaumirize maso," anatero. "Aleke apume, dziko libwera lokha." Anakankha chithunzi chimodzi pang'onopang'ono ndi chala, ndipo mwadzidzidzi pepala lija linaphulika. Madambo anamira, zulu zinatumphuka ngati matuza, mitengo inaimirira iliyonse ndi mthunzi wake, ndipo pakati penipeni panadutsa mtunda wautali umene timitsinje tinkauthawa mbali zonse ziwiri. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikulemekeza anthu amene ankajambula zithunzi zotere.

Luso limeneli linafika kuno ndi gulu la asilikali a mumlengalenga a ku Britain lotchedwa 82 Squadron. Mbiri yake pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inali ya magazi. Pa 17 May 1940 linatumiza ndege 12 za mtundu wa Blenheim kukaphulitsa adani ku Gembloux, m'dziko la Belgium, ndipo inabwerako imodzi yokha. Pa 13 August chaka chomwecho, ku Aalborg m'dziko la Denmark, linatayanso ndege 11. Pambuyo pake linakamenya nkhondo ku India ndi ku Burma, dziko lomwelo limene anyamata athu a King's African Rifles anakaponda matope ake mu 1944. Nkhondo itatha gululi linathetsedwa, n'kudzutsidwanso mu October 1946 pa bwalo la Benson, ndipo ulendo uno linapatsidwa kamera. Chaka chomwecho boma la Britain linali litakhazikitsa nthambi yokonza mapu a maiko amene linkalamulira, Directorate of Colonial Surveys, pansi pa Brigadier Martin Hotine. Nthambiyi inkafuna zithunzi, ndipo 82 Squadron ndiyo inanyamuka kukazitenga: ku Gold Coast, Nigeria, Sierra Leone ndi Gambia, kenako, itamanga msasa pa Eastleigh ku Nairobi, ku Kenya, Uganda, Tanganyika, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Inabwerera kwawo mu 1952, ndipo ntchito yojambula inapitirira ndi makampani a ndege olembedwa ganyu. Mapu a 1:50,000 amene aphunzitsi a jogalafe amayala pabolodi, a Mchinji omwe, ndi ana a luso limene gululi linayala.

Ndege yawo inali Lancaster, chimphona cha injini zinayi chimene chinapangidwira kunyamula mabomba. Anachotsa mfuti zake, n'kuika kamera yoyang'ana pansi pamimba pake. Imodzi mwa ndege zimenezi, ya nambala PA474, idakalipo ndipo imauluka mpaka lero ku Britain. Pa dziko lonse atsala ma Lancaster awiri okha otha kuuluka, inzake ili ku Canada. Anthu akaiona amakumbukira nkhondo, chikhalirecho iyo inamalizidwa mu 1945 osaponyapo bomba, ndipo ntchito yake yeniyeni inali kujambula minda, mitsinje ndi mapiri a mu Africa.

Wina akhoza kuganiza kuti ntchitoyo inali kungokwera m'mwamba n'kutabwanya batani. Ayi ndithu. Kuti dziko lituluke pa stereoscope, malo aliwonse ayenera kujambulidwa kawiri, kuchokera pa malo awiri osiyana, monga momwe maso athu awiri amaonera chinthu chimodzi. Choncho chithunzi chilichonse chinkayenera kuphimba magawo pafupifupi 60 pa 100 a chinzake cham'mbuyo, ndipo mzere uliwonse wa zithunzi unkayenera kulumana m'mphepete ndi mzere woyandikana nawo, ngati udzu wofolera denga. Pakatsala mpata, denga ladontha: mapu akhala ndi bowo, ndipo ndege iyenera kubwereranso. Masamu ake ndi okoma kuwatsata. Kamera ya galasi la mainchesi 6, ikakhala mafiti 15,000 pamwamba pa nthaka, imapereka chithunzi cha 1:30,000. Filimu yake, ya masentimita 23 mbali iliyonse, imameza dera la makilomita pafupifupi 7 m'litali ndi m'lifupi. Koma chigwa cha Mchinji chili kale pafupifupi mamita 1,200 pamwamba pa nyanja yamchere, ndiye kuti wojambula dera lotere ayenera kukwera kufika cha m'ma mamita 5,800. Kumeneko mpweya ndi wochepa, kuzizira kwake kumaumitsa zala, ndipo Lancaster inalibe chipinda chotsekeka bwino. Ankagwira ntchito atavala zopumira kumaso, pansi anthu akutuluka thukuta m'minda.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi kuwongoka kwake. Woyendetsa ndege pa nkhondo amaphunzira kuzemba, kukhota, kutsika mwadzidzidzi. Apa ankafunika kuiwala zonsezo. Phiko likapendekeka pang'ono, chithunzi chapotoka. Ndege ikakwera kapena kutsika, muyeso wasintha. Mphepo ikawomba cham'mbali, monga umachitira mwera, ndege imayenda chankhanu, mphuno kwina ulendo kwina, ndipo wa kamera ayenera kuitembenuza kuti zithunzi zisatuluke mopingasa. Zonsezi kwa maola, pamwamba pa tchire la miombo lofanana kulikonse, popanda mapu owatsogolera, popeza mapuwo ndi amene ankapangidwa.

Nanga ankadziwa bwanji kuti ali pamzere? Anabwereka nzeru ya pa nkhondo, radar yotchedwa Gee-H. Anzawo ankakamanga siteshoni pansi, pamalo oyezedwa bwino. Ndege inkatumiza chizindikiro, siteshoni n'kuyankha, ndipo nthawi imene yankho latenga inkaulula mtunda wa pakati pawo. Wolondolera njira ankangosunga mtunda umenewo osausintha, ndipo ndege inkayenda mozungulira siteshoni ija. Aliyense amene anamangapo mbuzi pachikhomo akudziwa zimenezi: chingwe chikakungika, mbuzi imadya udzu mozungulira, osapitirira. Akamaliza mzere umodzi ankatalikitsa chingwe chosaonekacho pang'ono, n'kuyamba wina. Ndi chifukwa chake mizere yambiri ya zithunzi zoyambirira ndi yokhota ngati uta.

Ndipo panali mdani amene luso lililonse silikanamugonjetsa, koma kudikira kokha. M'dzinja mitambo imaphimba dziko. M'chilimwe anthu atentha tchire, osaka mbewa ayatsa moto m'minda, utsi wa lupsa wakuta thambo mpaka dzuwa kufiira masana. Mpata wabwino ndi waufupi, mvula itangosiya, moto usanayambe, cha m'miyezi ya May, June ndi July. Ngakhale pamenepo, m'mamawa kwambiri mithunzi imatalika n'kubisa zapansi, ndipo dzuwa likakwera timitambo timayamba kumera, kalikonse n'kugwetsa banga lakuda pa chithunzi. Masiku ambiri ankanyamuka, kukwera ola lathunthu, kupeza thambo lada, n'kubwerera filimu ili yosakhudza. Mlimi amene amadzuka usiku kuyang'ana kumwamba asanabzale angawamvetse anthu amenewa kuposa wina aliyense.

Filimu ikatsukidwa, ulendo unali usanathe. Chithunzi pachokha sichidziwa pamene chili. Pankafunika asaveya oyenda pansi, ndi anthu a m'midzi owanyamulira simenti, madzi ndi zipangizo kukwera nazo mapiri, kukamanga mabikoni amene malo ake ankayezedwa mosamala kuchokera phiri lina kufika lina. Mabikoni ena adakaima pansonga za mapiri athu, ndipo abusa a ng'ombe amakhalapo. Ku Britain, poyamba ku Teddington ndipo kuyambira 1951 ku Tolworth, amisiri ankadula kachikatoni ka chithunzi chilichonse, kokhala ndi timipata totalika, n'kuzilumikiza ndi timisomali pansi pa chipinda chachikulu mpaka zonse zitakhazikika pa mabikoni aja. Akatero m'pamene ojambula ankayamba kutsata mtsinje uliwonse ndi cholembera.

Sindikuiwala kuti amene anatuma ndegezi sanapemphe chilolezo kwa mfumu iliyonse. Boma la atsamunda linkafuna kudziwa malo olima, nkhalango, podutsa misewu, ndi dziko limene linkati ndi lake. Dzina lakale la boma la Mchinji, Fort Manning, ndi la msilikali amene anathira nkhondo Angoni a Mpezeni mu 1898. Komabe kamera inajambula zimene inapeza, osasankha. Mkulu uja anandionetsa timadontho takuda, tozungulira, pakati pa minda yoyera. "Awa ndi manda," anatero. "Achewa sadula mtengo kumanda. Ukaona kansitu kotere, dziwa kuti pafupi pali mudzi, kapena panali mudzi." Anandionetsanso njira zapansi zopyapyala ngati ulusi, zowoloka msana uja popanda kukhota kapena kuima, zochokera ku mudzi wa mbali ino kupita ku mudzi wa mbali inayo, kumene kuli amalume, zitsime ndi maliro a anthu amodzimodzi. Ndipo pali chinthu chimodzi chimene ndege sinkatha kutola: mayina. Bua, Rusa, Kapiri, Mkanda, onsewa analowa pa mapu chifukwa wina anatsika, nakhala pansi ndi eni dera, nafunsa kuti mtsinje uwu mumautcha chiyani.

Nthambi ija inasintha dzina mu 1957 kukhala Directorate of Overseas Surveys, ndipo mu 1984 inalowa mu Ordnance Survey. Zithunzi zake, zoposa miliyoni imodzi, zikusungidwa ku Edinburgh, ku National Collection of Aerial Photography. Akatswiri amene akufuna kudziwa kuti nkhalango inkalekezera pati, kapena kuti dambo linali lotambalala bwanji fodya asanachuluke, amabwerera kwa izo.

Tisanasiyane, mkulu uja anandibwezeranso pa stereoscope, nandipatsa pensulo. Anati nditsate msana uja ndekha, kuyambira m'munsi mwa chithunzi. Ndinayenda nawo bwino mpaka pamalo ena pamene madambo awiri anayandikana mitu, lina lopita ku Bua, lina lopita ku Luangwa, pakati pawo patangotsala kamtunda kopyapyala. Pakamtundapo panali munda umodzi, mizere yake yooneka bwinobwino, ndi kanyumba ka udzu pambali. Pensulo yanga inaima pamenepo. Iye anasuzumira, nakhala chete kanthawi, kenako anaigwira pamodzi ndi dzanja langa n'kuidutsitsa pakati pa mundawo.