Mzinda wa Maluwa ndi Bwalo Limene Linaiwalika

Boma la Northern Rhodesia linaitana Professor S. D. Adshead wa ku London kuti adzaone malo omangapo likulu latsopano, pakuti Livingstone anali kumphepete kwa dziko, m'cigwa cotentha. Mphunzitsi ameneyu anavomereza Lusaka, amene masiku amenewo anali kamudzi ka pa njanji, ka masitolo owerengeka m'mbali mwa Cairo Road. Analemba pulani imene P. J. Bowling anaikonzanso pambuyo pace, ndipo likulu linasamuka mu 1935. Lero matauni ang'ono a m'Zambia ali kulemba mapulani ao, Chipata nayenso anakwezedwa kukhala mzinda mu 2017. Cotero nkoyenera kuyesa nchito ya Adshead ndi funso limodzi: kodi anafunsa yani?

Akulu amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo ka Adshead kanathwadi. Anaona kuti tauni yakale inakhala pa miyala ya njereza pamene madzi amaima nthawi ya dzinja, nasankha mtunda wa kum'mawa kwa njanji, umene unachedwa Ridgeway. Miseu anaifuna yotakata, ya mitengo mbali zonse ziwiri, ndi nyumba zotalikirana, yonse ndi munda wace. Munthu woyenda pansi pa mitengo ija mwezi wa October sangamane mlendoyo ulemu wace. Koma kalumo kakuthwa kameta bwino ngati mwini mutu wanena mametedwe amene afuna.

Nzeru ya mzinda wa minda ya maluwa siinali ya Adshead yekha. Inacokera kwa Ebenezer Howard, amene analemba buku lace mu 1898 pomvera cisoni anchito a ku London okhala mothinana ndi mu utsi. Ndipo mzinda woyamba wotere, Letchworth, unayamba kumangidwa mu 1903. Howard anafunira munthu wosauka mpweya wabwino ndi munda. Nzeruyo itaoloka nyanja inafika cagada: minda inagwera akuluakulu a Boma, bwalo la gofu linapeza malo ace, koma wosauka anatsala ndi mtunda wautali woti ayende m'mawa kupita kukathirira maluwa a mwini.

Cifukwa cace ncosabisika. Boma la nthawi imeneyo linayesa munthu wakuda wa m'tauni mlendo wa citupa, wobwera kudzagwira nchito ndi kubwerera kumudzi. Mkazi wace ndi ana ace sanawerengedwe kwenikweni. Ngakhale mu Legislative Council munalibe munthu wakuda kufikira 1948, caka comwe kunakhazikitsidwa lamulo la nyumba za anthu akuda m'matauni, limene linabala Matero ndi Chilenje watsopano. Munthu amene ayesedwa wapaulendo safunsidwa kumene ana ace adzasewera.

Akadafunsidwa akadanena zina, pakuti anthu amenewa sanali mbuli pa nkhani ya malo oceza. Mudzi uli wonse wa Acewa kapena Angoni uli ndi bwalo lace. Pamenepo amuna amaweruza milandu, amasema mipini, amasewera nsolo. Pamenepo ng'oma imalira, ana amathamangitsana mwezi ukawala, ndipo amai ali capafupi ndi mitondo yao aona mwana ali yense osasiya kusinja. Bwalo lifuna mtengo wa mthunzi, kacere kapena mkuyu, ndi nthaka yosesedwa bwino. Silifuna kapinga. Udzu umene Mzungu amauthirira ndi kuumeta, mai wa kumudzi amaupala ndi khasu, cifukwa adziwa kuti ndimo mubisala njoka. Paki ya Cingerezi ndi malo opitako kukapumula munthu ataweruka. Bwalo ndi pakati pa moyo wa mudzi, ndipo cinthu cotere sicingaikidwe kutali ndi makomo a anthu. Kusiyana kumeneku mayi wina ali yense wa pa mtondo akadakufotokoza asanathe kusinja lichero limodzi, koma pulani siinakuone.

Kufunsa kunabwera pambuyo, koma kunabwera kopunduka. Ku Luanshya eni mgodi anaika akulu a mitundu mu 1931 kuti azilankhulira anzao, ndipo mu 1938 kunayamba mabungwe opangira Boma nzeru m'matauni, ochedwa Urban Advisory Councils. Mabungwe amenewa anali kungopereka maganizo; kumva kapena kusamva kunali kwa Bwana D.C. Ndipo ndalama za maholo, za mpira ndi za kanema zinali kucokera m'phindu la nyumba za mowa za kanselo, monga mwa mcitidwe umene unayamba ku Durban, pamene amai ofulula mowa m'makomboni anali kugwidwa. Motero kukula kwa bwalo la ana kunadalira ludzu la atate ao. Nzosadabwitsa kuti anchito a m'migodi anakana oimira mitundu aja mu 1953.

M'zaka zomwezo anthu anali kuyankha funso limene sanafunsidwe. J. Clyde Mitchell anasindikiza mu 1956 zimene anaona ku Luanshya, kumene anyamata a Cibisa anali kuvina kalela pa Sabata masana, atavala zoyera bwino, khamu la anthu litawazinga. Palibe katswiri amene analemba gule ameneyu pa pepala. Anthu anapeza malo, nthawi ndi ng'oma mwa iwo okha. Cimene cinasowa ndi munthu wa ku ofesi woti aime pamenepo ndi kulemba cimene maso ace aona.

Cinthu cofanana ndi kufunsa kweni kweni cinacitika ufulu utabwera. Kuyambira mu 1974, pamene lamulo linavomereza makomboni omangidwa popanda cilolezo, nchito yokonza George, Chawama ndi Chaisa inacitidwa mwa njira yina: atsogoleri a m'komboni anayenda pansi pamodzi ndi akatswiri kuona kumene mseu udzapyola ndi nyumba zimene zidzagwetsedwa. Uku kunali kufunsa ndi mapazi, ndipo kunapambana misonkhano yambiri ya m'holo. Koma mtima wa nchitoyo unali pa miseu ndi mipopi ya madzi. Ndipo m'mzinda umene tsopano uli ndi anthu oposa mamiliyoni awiri, malo ali onse opanda nyumba ali ngati nyama pakati pa afisi.

Lamulo la mapulani a mizinda la 2015 linena kuti anthu azifunsidwa polemba pulani. Ici ncabwino, koma lamulo silingaletse kanselo kubwereza colakwa ca 1931 mwaulemu. Ngati cidziwitso cilembedwa m'Cingerezi cokha, msonkhano uitanidwa pakati pa sabata nthawi ya nchito, ndipo mapu afika atajambulidwa kale, adzabwera ndi omwe aja a mataye, nadzaomba m'manja. Mai wa pamsika sadzasiya tomato wace, ndipo mwana, amene ndiye mwini bwalo, sadzaloledwa ngakhale pakhomo.

Tauni yaing'ono iri ndi mwai umene Lusaka anautaya, pakuti munthu akhoza kuizungulira ndi njinga tsiku limodzi. Kalaliki wa kanselo ya Chipata atatenga mapu pa Sabata masana, nayamba ku Kapata, napyola ku Mchini ndi ku Nabvutika, akhoza kulemba pali ponse pamene ana azika mitengo iwiri ya goli, mtengo uli wonse umene amuna akhala pansi pace ndi nsolo, ndi njira zonse zimene mapazi alambula kutsikira ku Lunkhwakwa. Akatero abwerere ndi mapu omwewo kwa anthu, awawerengere m'Cinyanja zimene zalandiridwa ndi zimene zakanidwa pamodzi ndi zifukwa zace. Malo amene agwirizana apimidwe, aikidwe zikhomo, ndi kulembedwa m'buku la malo m'dzina la anthu onse, asanafike munthu wa ndalama wofuna puloti.